Musiyeni kamba apume!

Ana inu, ndi akuluakulu ena amene, tamverani kuno. Mukapeza mwayi wokwera sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja zija, nzeru musamazisiye kunyumba.

Ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa ku Barbados, dziko la pachilumba ku Caribbean, ana anga atandilipirira ulendo. Sitima itakocheza ku Bridgetown, likulu la dzikolo, tinakwera kaboti kupita ku Carlisle Bay, kumene akamba am'nyanja amasambira pafupi ndi gombe. Madzi ake oyera mbee, mchenga wapansi kuonekera. Kamba woyamba atangotulukira, anthu onse phuvu! m'madzi, kumuzungulira ngati agwira wakuba pamsika. Mnyamata wina, wandevu zake ndithu, anamugwira chigoba ndi manja awiri n'kumukanikizira pansi kuti mnzake ajambule bwino pa foni. Kamba uja akupalasa madzi, khosi atalitambasula kuloza kumwamba, iwo ali gwagwagwa kuseka. Ndinachita manyazi ngati mwanayo ndi wanga.

Kodi mukudziwa kuti kamba si chambo? Ali ndi mapapo ngati inu ndi ine, ndipo ayenera kutulutsa mutu pamwamba kuti akoke mpweya. Akamapumula mwabata amakhalitsa pansi, koma akachita mantha n'kumalimbana, mpweya umamuthera msanga ndipo angathe kumira. Chigoba chijanso si mphika ayi, chili ndi mitsempha, mukachigwira amamva. Tsono inu mumati mukusewera, pamene mnzanuyo akumenyera moyo. Ndipo kukamwa kwake n'kolimba zedi, akakuluma chala musadzati sanandiuze. Safunsa anadya phula.

China chimene chinandinyansa ndi chakudya. A m'maboti ena amaponya tizidutswa ta nsomba kuti akamba abwere pafupi, alendo n'kumaombera m'manja, ena mpaka kuponyako buledi wotsala wa m'sitima. Akamba obiriwira akakula chakudya chawo ndi udzu wa pansi pa nyanja ndi ndere. Mukawazoloweza kudyetsedwa amayamba kuthamangira phokoso lililonse la injini, ndiye kumeneko amakatemedwa ndi mapulopela. Dzanja lomwe likuoneka lachifundolo ndi limene likuwapereka.

Taganizaninso zaka. Kamba wamkazi wa mtundu umenewu amatha zaka zoposa 20 asanayambe kuikira, ndipo amabwerera kudera lomwe anabadwira kukakumba dzenje mumchenga usiku. Amaikira mazira pafupifupi 100 pa dzenje limodzi, amaswa pakatha miyezi ngati 2, koma tiana tambiri timathera kwa nkhanu, mbalame ndi nsomba. Wamkulu amene mukumukoka chipsepseyo wapulumuka zonsezo, mwinanso ndi wamkulu kuposa inuyo. Sitima ikagona padoko, inu n'kupita kugombe usiku, zimitsani matochi ndi kuwala kwa foni. Mayi akaona kuwala amabwerera m'madzi osaikira, ndipo tiana timene timatsata kuwala kwa kunyanja timasochera kulowera kumsewu.

Eni dziko sakusewera nazo. Barbados inaletsa kugwira akamba ndi kutola mazira awo mu 1998, ndipo a bungwe losamala akamba la Barbados Sea Turtle Project amayenda m'magombe usiku kulondera zisa. Ku Hawaii, zilumba za dziko la America, amakuuzani kutalikirana ndi kamba mamita 3. Inu mwafika m'mawa, madzulo mukunyamuka, ndiye muwononge zimene anzanu asamala zaka zonsezi chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook?

Ine ndi mawondo angawa sindikanatha kuthamangitsa chilichonse, ndinangoyandama ndi jekete yanga chapatali, manja nditapinda. Gulu lija litatopa n'kubwerera m'boti, kamba wina anadutsa pansi panga mwaulemu wake, anakwera pang'onopang'ono, anatulutsa mphuno, ndinamumva akupuma kuti fuu, kenako anatsikira ku udzu wake.