Atachotsa madola 50 a Joey, nkhani ya Kat ndi Patrick inatha mphamvu

Anthu akamadandaula za sewero la pa TV la 10 Things I Hate About You, lomwe kanema wa ku America wa ABC Family anayamba kuonetsa mu July 2009 potengera filimu ya 1999 ya dzina lomweli, amathamangira kunena kuti mulibe Heath Ledger, amene anasewera ngati Patrick m'filimuyo. Inde, Ledger anamwalira mu January 2008, ndipo Ethan Peck anasenza katundu wolemera polowa m'malo mwake. Koma kwa ine chimene chinapha seweroli ndi ndalama imene olemba anaichotsa m'nkhani.

Kumbukirani mmene filimu ya 1999 inalukidwira. Bambo Stratford aika lamulo: Bianca sangakhale ndi chibwenzi pokhapokha mkulu wake Kat atapeza wake. Cameron akufuna Bianca koma m'thumba mulibe kanthu, ndiye iye ndi mnzake Michael anyengerera Joey, mwana wa anthu olemera, kuti azilipira Patrick kuti afunsire Kat. Ayambira pa madola 50, mtengo n'kumakwera. Woonera akudziwa chinsinsichi, Kat sakudziwa. Ndiye nthawi iliyonse Kat akamwetulira, iwe mtima uli m'mwamba, ukudziwa kuti tsiku lina ziululika. Ziululikadi pa prom, dansi ya kumapeto kwa chaka cha sukulu, ndipo ndakatulo imene Julia Stiles, wosewera ngati Kat, akuwerenga m'kalasi akulira ikupweteka chifukwa bodza lija taliona likukula kwa mphindi 97.

Mu sewero la pa TV, Patrick salipidwa ndi munthu. Ndi mnyamata wa njinga yamoto, wa mawu okhuthala, amene amangoima patali n'kumuyang'ana Kat. Akangana, agwirizana, akangananso. Magawo 20 a mphindi pafupifupi 22 lililonse, ndiye kuti maola oposa 7, popanda chinsinsi chimene tikudikira kuti chiphulike. Zili ngati ndiwo zopanda mchere zimene akungowonjezera madzi kuti zikwane anthu ambiri.

Joey naye anamufewetsa. M'filimu ndi wodzikonda, ndipo pali chifukwa chimene Kat amamudera: anagona naye ali wamng'ono potsatira zochita za anzake, Joey n'kumusiya. Kuchokera pamenepo Kat analumbira kuti sadzachitanso chinthu chifukwa choti ena akuchita. Ukali wake wonse ukuchokera apo. Pa TV Joey ndi wosewera mpira wopepera koma wamtima wabwino, ndipo banja la Stratford langosamuka kumene kuchoka ku Ohio kupita ku California, choncho Kat alibe mbiri ndi aliyense pasukulupo. Lindsey Shaw, Kat wa pa TV, anayesetsa, anasewera bwino ndithu, koma anamupatsa Kat wokwiya ndi nkhani za dziko, wopanda bala lakelake. Ngakhale mayi awo: m'filimu anathawa banja, pa TV anamwalira. Imfa imabweretsa chisoni, pomwe kusiyidwa kumabweretsa mkwiyo, ndipo Kat wa m'filimu amayenda ndi mkwiyo.

Udani wonse anaukankhira kwa Chastity, mtsogoleri wa atsikana ochemerera timu, mtundu wa munthu amene timamuona m'sewero lililonse la sukulu za ku America.

Sindikana, zabwino zinalipo. Larry Miller anabwerera ngati bambo yemwe uja, dokotala wa amayi oyembekezera amene amaona mimba paliponse, ndipo akangotulukira seweroli limadzuka. Nicholas Braun, amene ambiri anadzamudziwa m'sewero la pa TV la Succession, anali Cameron woseketsa. Gil Junger, amene anatsogolera filimu ija, anatsogoleranso magawo ena. Ndiye sitinganene kuti anali alendo osadziwa chimene agwira.

ABC Family inalithetsa mu 2010 litangomaliza season imodzi, ndipo gawo lomaliza likuthera pamene bambo apeza Kat ndi Patrick ali pabedi. Apo m'pamene banjali linapeza vuto lenileni loti nkhani iyambirepo, mochedwa ndi magawo 19.