Chitsulo chonyowa sindidzapitanso nacho kung'anjo

Lero andisayinitsa kalata yochenjeza, mlandu wake akuti ndakana ntchito. Ndafika pakhomo pano sindinasambe n'komwe, mchenga ukadali m'makutu, koma ndati ndiyambe ndalankhula chifukwa ndikagona nazo izi mutu uphulika.

Inu amene muli kuno ku Joni mukuidziwa mvula ya Disembala, yobwera masana ndi ziphaliwali, theka la ola lokha koma pabwalo ponse thithithi madzi. Ku fakitale yathu yosungunula zitsulo, zitsulo zakutha zimene timasungunula zimakhala panja, denga lake linasasuka ndi mphepo chaka chatha ndipo mpaka lero silinakhomedwe. Mvula itangokata, foromani akundikodola kuti nyamula bini iyo upite nayo kung'anjo. Ndalowetsa mafoloko a forklift, galimoto yonyamulira katundu imene ndimayendetsa, ndakweza pang'ono, madzi chuu kutsika pansi pa bini. M'katimo muli mapaipi odulidwa ndi zitsulo zokhala ngati mbale, chilichonse chasunga madzi ake. Ndatsitsa, ndazimitsa injini, ndamuuza mwaulemu kuti bwana, izi ziyambe zauma. Iye kukuwa pamaso pa anthu onse: "Iwe Malawi, ngati ukuchita mantha bwerera kwanu, pageti pali anthu akulirira mpando umenewo!" Zaka 6 ndikumuyendetsera forklift munthu ameneyu ndipo dzina langa salidziwa. Ndine Malawi basi, ngati mmene amaitanira galu wapageti.

Mantha, akutero. Chitsulo m'ng'anjo muja chimakhala pa madigiri 1,400 kapena kuposa. Madzi akatsekeredwa pansi pake amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunzi imafuna malo oposa ka 1,600 poyerekeza ndi madziwo. Ilibe kolowera, ndiye imakankha chitsulo chamoto chija n'kuchimwaza m'mwamba ngati phala lowira. Foromaniyo akudziwa zimenezi kuposa ine, analipo tsiku lijali. Ndibwerako ku tsiku limenelo.

Forklift yomwe ndimayendetsayo mabuleki ake ndinawanena katatu. Umaponda, imayamba yaganiza, kenako n'kuima. Makina olemera pafupifupi matani 4 opanda katundu, okhotera mateyala akumbuyo, kuwayendetsa pakati pa anthu ndi zikombole zodzaza chitsulo chofiira. Paipi ya mafuta okwezera mafoloko imadontha, anangoikulunga ndi chigamba. Mafuta amenewo akadzathamanga ngati ufa wamadzi pafupi ndi moto, ndani adzapsa? Kumsana kwangaku ndaberekera silinda ya gasi, ndipo amandituma kukatenga mphika wa zinyalala za chitsulo ukadali psuu, kutentha kwake kumachita kukuluma kumaso uli patali. M'mawa uliwonse pali pepala loti uchonge kuti mabuleki ali bwino, hutala ili bwino, mateyala ali bwino. Ukalemba kuti sizili bwino, pepalalo limasowa. Ukachonga kuti zili bwino, ndilo limasungidwa mufayilo, kudikira tsiku la ngozi kuti adzati dalaivala anasayina yekha. Ndipo ndakhala ndikuchonga, abale anga, sindikana. Lendi ya chipinda ku Germiston kuno sidikira mabuleki.

Hutala yomweyo ndani amaimva? Pamalo pogwedezera zikombole phokoso lake umachita kulimva m'mano. Anthu avala zotseka m'makutu, iwe ukubwerera chambuyo, kabelu kakulira ngati kamwanapiye, munthu ali kumbuyo kwakoko sakumva kanthu. Mizere yachikasu yosonyeza njira ya anthu apansi inafufutika kalekale pansi pa mchenga. Uchoke pang'anjo pamene pakuwala ngati dzuwa, ulowe kumbali ya mdima, maso amatenga kanthawi asanaone, ndipo m'kanthawi komweko munthu wadutsa kutsogolo kwako atanyamula fosholo. Pansi ndi maenje okhaokha, chitsulo chinagwerapo n'kuswa simenti. Teyala likagwa m'dzenje katundu ali m'mwamba, makina amapendekeka, ndipo lamba wapampando anadulidwa ndisanabwere ine. Forklift ikamagwa munthu amafuna kudumpha, ndiye denga lake lachitsulo limamupeza pakhosi.

Nanga zovala? Tinapatsidwa timavesiti towala ta nayiloni. Nayiloni pafupi ndi moto imasungunuka n'kumamatira pakhungu, aliyense amene anapsereza malaya ndi simbi akudziwa. Nsapato zachitetezo anandidula R450 pamalipiro, chonsecho lamulo lawo lomwe, Occupational Health and Safety Act la 1993, pa ndime 23 likuletsa bwana kudula wantchito ndalama pa zinthu zomuteteza. Satifiketi ya forklift imatha pakapita zaka ziwiri, yanga ndinakaikonzetsa ndi ndalama yam'thumba mwanga, tsiku limenelo n'kundilemba kuti ndajomba. Masiki amodzi sabata yathunthu, pofika Lachitatu ali bii, ndipo mchenga wa zikombolewo ndi silika, fumbi lomwe lija linamaliza agogo athu a ku Wenela. Agogo anga aamuna anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Njinga inatha, wailesi inatha, chifuwa ndicho chinakhala nawo mpaka kumanda. Anthu a m'migodi ya golide anachita kumenya nkhondo m'makhoti mpaka mgwirizano wa R5 biliyoni unavomerezedwa mu 2019, ambiri atafa kale. Ife a m'mafakitale osungunula zitsulo tikupuma fumbi lomwelo ndipo palibe amene anandiunikapo m'chifuwa chiyambire.

Tsopano tsiku lija. Kunali mnyamata wa ku Ntcheu, wamng'ono kwa ine ndi zaka 10, ankagwira ntchito pamwamba pa ng'anjo, kuthira zitsulo. Tinkadyera limodzi, iye abweretse nsima, ine ndiwo. Ankanditchula kuti achimwene. Mu Febuluwale chaka chatha mvula inagwa chimodzimodzi lero, foromani yemweyu anandikodola chimodzimodzi, ndipo ine ndinanyamula. Ndinaona madzi akudontha, ndinawaona ndi maso angawa, koma ndinati si ine mwini fakitale. Ndinatula bini, ndinabwerera chambuyo, ndisanafike pakhomo ndinamva phuu, ngati wagwetsa nyumba. Potembenuka ndinaona moto ukugwa kuchokera kudenga, ndi mnyamata uja akuthamanga akuvula ovolosi imene sinkavuka. Chitsulo chinalowa m'nsapato ya kumanzere. Fungo lake ndikadalimva mpaka lero, ndikadutsa pamene akuwotcha nyama pamsewu ndimatembenuza nkhope. Ndi ine ndinapititsa bini imeneyo. Palibe amene anandiimba mlandu, ngakhale mwiniwake, koma ndi ine.

Ndiye lero munthu akundiuza kuti ndikuchita mantha.

Mukudziwa zimene zinatsatira? Lamulo la chipukuta misozi, lija amati COIDA, likuti bwana anene za ngozi pasanathe masiku 7. Fakitale inati mnyamatayo si wathu, ndi wa kampani yotibweretsera antchito. Kampaniyo inati ngozi yachitikira kwa inu. Anakhala akumuponyerana ngati mpira wachikulunga, iye ali m'chipatala akumusenda khungu pantchafu kuti amate paphazi. Zala ziwiri anadula. Atatuluka anamupatsa envulopu ya R3,000 ndi mawu akuti mapepala ako sali bwino, ukapita kukadandaula akakutsekera ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo. Ife Amalawi tinasonkha ya basi, ine ndinamunyamulira chikwama mpaka ku Park Station. Akukwera ndi ndodo anandiuza kuti achimwene musadandaule, ndi tsoka langa. Tsoka lanji? Denga la malata 20 likanakhomedwa, phazi lake bwenzi lili lonse.

Ndipo nanunso abale anga a kuno mumandikwiyitsa. Foromani akukuwa lero, nonse maso pansi, wina akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Poweruka ndiye mukubwera mmodzimmodzi, "achimwene, ingopirirani, kwa eni kulibe mkuwe." Mwambi umenewu watipha. Ndi umene umawachititsa kunena kuti Amalawi ndi anthu abwino, akutanthauza kuti sitiyankha. Anzathu eni dziko nawo akatikwiyira amati tikuwononga ntchito povomera chilichonse, ndipo pamenepo, ngakhale zimawawa, sakunama kwenikweni. Mkulu woona zachitetezo amaoneka tsiku lobwera alendo, ndi tsiku limene timalandira magolovesi atsopano ndipo mizere yachikasu imapentedwa usiku. Oyendera a boma m'zaka 6 ndawaona kamodzi, anadutsa njira imene anawakonzera. Ndipo bini ya lero ija sinagone panja. Mnyamata wina watsopano, sanathe n'komwe mwezi, anaikwera forklift yanga n'kupita nayo. Sizinaphulike. Foromani anandiyang'ana ngati wapambana. Pamwamba pa ng'anjo panali mwana wa munthu wina, bambo wa ana atatu wa ku Mozambique, amene sakudziwa n'komwe kuti lero anayenda m'mphepete mwa manda.

Kumudzi nako foni siyipuma. Feteleza, fizi, maliro, ngongole ya banki m'khonde, mlamu akufuna foni yogwira WhatsApp. Mukaona uthenga wa Mukuru walowa mumaona ngati ndathyola mumtengo. Sindikukudandaulani, ndinabwerera zomwezo, koma mudziwe kuti randi iliyonse yadutsa pafupi ndi moto.

Kalata ya leroyi ndasayina kuti ndalandira, ndipo pansi pake ndalemba ndi dzanja langa kuti zitsulo zinali zonyowa, ndi tsiku ndi nthawi. Ndaijambula pafoni, ndajambulanso bini ija madzi akudontha. Ndili ndi masiku 90 okadandaula za chilango chosayenera, ndipo ndipita ku bungwe loona za mikangano ya antchito a zitsulo, MEIBC. Khoti la Ntchito linagamula kale mu 2008 kuti mlendo, ngakhale mapepala ake asali bwino, ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Ndikanazidziwa izi chaka chatha, mnyamata uja sakanakwera basi ndi envulopu yokha. Mwina andichotsa sabata ino isanathe, ndikudziwa.

Usiku uno ndawaimbira amayi. Sindinawauze kanthu, koma mayi ndi mayi, anangomva mmene ndapereka moni n'kunena kuti mwananga, ngati kwavuta bwera, chimanga chilipo. Ndinakhala chete nthawi yaitali foni ili kukhutu. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 8, ndinamusiya akuphunzira kulemba dzina lake, pano akundifunsa ngati ndidzakhalepo akamapita ku sekondale. Nyumba yafika pa lintala, kwatsala malata ndi zitseko. Ndimafuna ndidzaikhome ndi manja anga onse awiri, ndidzatsike pa Mwanza ndikuyenda ndekha, osati monyamulidwa, osatinso m'bokosi la kungolo ya basi anthu atasonkherana pa gulu la WhatsApp. Ndipo ndikadzafika, ndisanapite n'kwathu komwe, ndidzatsikira pa Ntcheu. Ndikufuna ndikakhale pansi pakhonde la mnyamata uja, pamaso pa mayi ake, ndikanene ndi pakamwa panga kuti madzi aja ndinawaona.