Tuna ndi ya ku Quelimane, kuno ku Muloza tisanamizane

Mlamu wanga wa ku Milange, ku Mozambique, akabwera kuno sachedwa kutinyoza kuti Amalawi sitidziwa nsomba, timangodya tizinyalala ta m'nyanja. Iyeyo amatama atum, imene ena amati tuna, chinsomba cha m'nyanja ya mchere chopanda minga yambiri, mnofu wake wofiirira ngati wa ng'ombe. Ndikamufunsa kuti anaidya liti komaliza, amayamba kukamba za mvula.

Pa zomanga thupi palibe kusiyana kwenikweni pakati pa tuna ndi sadini. Magalamu 100 a tuna yaiwisi ali ndi magalamu pafupifupi 23 kapena 24 a zomanga thupi, ndipo sadini za m'chitini, mukatsanula mafuta ake, zili pomwepo. Kusiyana kuli pa minga. Sadini zimapsera m'chitini momwemo mpaka minga kufewa, munthu n'kudya zonse, n'kupeza kashiamu wolimbitsa mafupa amene mu mnofu wa tuna ndi wochepa kwambiri. Komanso tuna imadya nsomba zinzake kwa zaka zambiri, motero imasonkhanitsa poizoni wotchedwa mekyule m'thupi mwake, n'chifukwa chake amayi oyembekezera amalangizidwa kuti asamadye kwambiri mitundu yake ikuluikulu.

Koma vuto lalikulu ndi ulendo. Tuna ikangotuluka m'madzi imafuna ayezi, apo ayi imayabwitsa thupi ndi kutsegula m'mimba ngakhale muiphike bwanji. Kuchokera ku Quelimane kudzera ku Mocuba mpaka ku Milange ndi mtunda wautali, dzuwa lili phwee, ndiye mufike nayo kwathu kuno kumene magetsi amazima osatsanzika? Ngakhale boma lawo linapsa nayo nsombayi. Mu 2013 kampani ya boma yopha tuna ya EMATUM inakongola madola 850 miliyoni, n'kugula ku France maboti 24 ophera tuna, koma mabotiwo anangochita dzimbiri padoko ku Maputo, ngongole n'kutsalira anthu wamba.

Zoona zake n'zakuti a ku Milange amadya karapau wa mufiriji ndi nsomba zouma zamchere zimene ife timati bakayawo. Chitini amachikonda kutiposa, amangotsegula n'kupaka pa buledi. Kwa ife chitini cha Lucky Star ndi cha tsiku lolandira malipiro ku esiteti ya tiyi, kapena mlendo akafika usiku ndiwo zitatha. Pa kaphikidwe ndiwagonjera, nsomba yothira madzi a kokonati imathetsa nsima mphika wonse.

Chimene mlamu saona n'chakuti usipa ndi matemba a ku Chilwa ndi sadini zathu, kungoti ife timayanika padzuwa m'malo motsekera m'chitini. Poti madzi anauma, kuposa theka la kulemera kwa usipa ndi zomanga thupi, ndipo timadya ndi mutu womwe. Sabata yatha ndinamupeza pa msika wa Limbuli akunenerera milu itatu ya bonya, akuti ndi ya ana.