Jumbo pa mbaula, mwana akubanika

Kodi amene anayambitsa zokolezera mbaula ndi jumbo ndi ndani? Pa malo pomwe timachita lendi, m'mawa uliwonse mayi wina amaunjika makala n'kuyatsa jumbo, mwina kachidutswa ka patapata, mbaulayo ataiika pansi pa windo lathu penipeni. Utsi wakuda bii umalowa kuchipinda, mwana wanga wa mphumu n'kudzuka akutsokomola, pachifuwa pakulira ngati kamluzu.

Ndikanena kuti, "Mayi, tasunthani mbaulayi chonde," amati utsi sunaphepo munthu, tonse tinakulira pa mafuwa. Sunaphepo? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse. Tinthu ting'onoting'ono ta mu utsiwo timafika mpaka m'mapapo, ndipo kwa mwana wa mphumu tinjira ta mpweya timatupa n'kuchepa.

Gasi ndi wodula, magetsi amathimathima, palibe amene akukana. Koma kukolezera ndi mapepala kapena tinkhuni touma, kutali ndi windo, kumafunanso ndalama? Mvula ikayamba ndiye ndaopa kale, mbaula yonse idzalowa pakhonde, pafupi ndi chitseko chathu.