Mbande zija munabzala kutchalitchi zilipo zingati?

Mipingo yambiri ikamva za kusintha kwa nyengo imathamangira kukonza tsiku lobzala mitengo. Abusa agwira khasu, kwaya iimba, zithunzi zipita pa Facebook, nkhani yathera pomwepo. Pakapita miyezi itatu palibe wodziwa kuti mbande zija zapulumuka zingati. Ine maganizo anga ndi akuti amene akufuna kuthandiza mipingo pa nkhaniyi asiye kufunsa kuti "munabzala ingati?" Azibwera pakatha zaka ziwiri n'kudzawerenga yomwe ikadali ndi moyo.

Taonani za kumpoto kwa Ethiopia. Nkhalango zachilengedwe kumeneko zinatha kalekale, mapiri anasanduka minda. Koma pa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba mumaona matchalitchi a Orthodox atazunguliridwa ndi tinkhalango tobiriwira, tina tazaka mazanamazana. Sikuti kunabwera bungwe ndi ndalama. Akhristu akumeneko amakhulupirira kuti malo ozungulira nyumba ya Mulungu ndi opatulika, ndiye nkhwangwa siyandikirako. M'zaka zaposachedwa katswiri wa nkhalango Alemayehu Wassie wakhala akugwira ntchito ndi ansembe kumanga mipanda ya miyala kuti ziweto zisamadye timitengo tongophuka kumene. Chikhulupiriro chinalipo kale, sayansi inangobwera kudzachimangira mpanda. Thandizo lotere ndi limene ndimalilemekeza.

Pena mumamva wina akuti, "Dzikoli lidzatha ndithu, tivutikiranji?" Thupi lanunso lidzafa, koma mukadwala simupita kuchipatala? Pa Genesis 2:15 munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuuyang'anira, ndipo apa n'kuti tchimo lisanalowe. Ntchito imeneyi si chilango, komanso sinabwere ndi mabungwe. Papa Francis m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 ananenetsa kuti kulira kwa dziko ndi kulira kwa osauka sizisiyanitsika. Chilala kapena madzi osefukira zikabwera, oyamba kugogoda pakhomo la abusa ndi omwewo amene alibe kothawira.

Zida zothandizira zilipo kale. Mu 1989 Patriarch Dimitrios wa ku Constantinople, yemwe anali mtsogoleri wamkulu wa mipingo ya Orthodox, anaika 1 Sepitembala kukhala tsiku lopempherera chilengedwe, ndipo lero mipingo yosiyanasiyana imasunga nyengo yonse kuyambira tsiku limenelo mpaka pa 4 Okutobala. Milungu isanu ya maulaliki ndi nthawi yokwanira kuti nkhaniyi ilowe m'mitu. Bungwe lachikhristu losamalira chilengedwe la A Rocha, lomwe linayambira ku Portugal mu 1983, linakhazikitsa pulogalamu ya Eco Church, yopereka mphotho kwa mipingo malinga ndi mayankho awo pa mafunso a kasamalidwe ka chilengedwe, ku England ndi Wales mu 2016. Za mphotho zawo za bronze, silver ndi gold sindizitengera kwenikweni, Akhristufe mpikisano timaukonda kale mopitirira. Chimene chimandisangalatsa ndi mafunso awo, chifukwa amakakamiza komiti ya mpingo kukhala pansi n'kuyankha: guwa likuphunzitsa chiyani, nyumba zikudya magetsi ochuluka bwanji, malo a mpingo akusamalidwa motani, anthu akukhala bwanji kunyumba kwawo.

Sinodi yaikulu ya Church of England mu 2020 inalonjeza kuti pofika 2030 mpingowo usamadzawonjezerenso mpweya wotenthetsa dziko. Kaya akwanitsa kaya ayi, anatchula chaka, ndiye Mkhristu wamba angathe kuimika dzanja pa msonkhano n'kufunsa kuti afika pati.

Tsono inu a mabungwe, malaya olembalemba ndi maalawansi a tsiku limodzi muchepetseko. Phunzitsani alaliki ndi aphunzitsi a Sande sukulu, iwowo amakumana ndi anthu sabata iliyonse popanda kuwalipira. Ndipo inu akulu a mpingo, pa bajeti ya chaka chamawa pakhale mzere wa madzi othirira mbande ndi mpanda wozitchinga, komanso mu maminitsi mulembedwe dzina la munthu amene adzapereke lipoti lake pa msonkhano wa kumapeto kwa chaka.