Makompyuta ofunditsidwa chitenje

Mwezi watha galimoto yanga inayatsa kanyale kachikasu pa dashibodi, ndipo ndinapita nayo ku galaja ina pafupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima. Mnyamata amene anandilandira ali ndi satifiketi ya umakaniko, ndipo sipanala amaidziwa bwino lomwe, koma ataona kuti vutolo likufunika kuliwerenga ndi kompyuta, anangodzikanda m'mutu n'kunena kuti, "Bambo, zimenezi sitinaphunzire, pitani nayo ku Lilongwe." Ndinayenda makilomita pafupifupi 100 chifukwa cha kawaya kamodzi kamene kanali katamasuka.

Mnyamatayo sindikumuimba mlandu, pakuti galimoto zochokera ku Japan zimene zadzaza m'misewu yathu zimabisa matenda ake m'kati mwa kompyuta, ndipo palibe anamuonetsa khomo lolowera. Mphwanga akuphunzira zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja, ndipo amandiuza kuti makompyuta alipo ndithu, koma anawafunditsa chitenje poopa fumbi, chifukwa mphunzitsi amene ankawadziwa anapeza ntchito ya malipiro abwino mumzinda. Aphunzitsi otsalawo, amene nawonso sanaphunzitsidwepo, amalemba ndi choko pa bolodi mmene munthu amatsegulira fayilo, ophunzira n'kumakopera m'makope ngati ndakatulo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti m'boma lomwe lino muli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma mphwangayo atsala pang'ono kumaliza maphunziro asanaonepo mmene inivetala, makina osintha magetsi ochokera ku dzuwa kuti athe kugwiritsidwa ntchito m'nyumba, amaikonzera pa laputopu.