Galu wokoka chingwe musamumenye, ingoimani

Anthu ambiri amene amati akuyendetsa galu m'mawa, kunena zoona galuyo ndiye amawayendetsa. Iye ali patsogolo, lilime panja, akukhosomola, mwini wake akukhwekhwerezeka kumbuyo uku akukalipa. Kenaka wina amalangiza kuti mukwapuleni ndi kamtengo, kapena mugulireni tcheni chothina pakhosi. Ine malangizo amenewo ndimawakana.

Galu amakoka chifukwa kukokako kumamupindulira. Akakoka, inu mumatsatira, iye n'kufika pamtengo umene amafuna kununkhiza. Ndiye kuti mwamuphunzitsa nokha kuti njira yopitira patsogolo ndi kukoka. Mukamukokera kumbuyo, nayenso amalimbikira, mpikisano uli mkati.

Mankhwala ake ndi osavuta koma otopetsa. Chingwe chikangolimba, imani. Osakalipa, osachigwedeza, ingokhalani chilili ngati chitsa. Adzavutavuta, kenaka adzacheuka kuti aone chavuta n'chiyani, ndipo chingwe chidzakhwefuka. Pomwepo muyamikireni, mumupatse kausipa kamodzi pafupi ndi mwendo wanu, muyambenso kuyenda. Usipawo uziperekedwa pambali panu nthawi zonse, kuti adziwe kuti zabwino zili pamenepo, osati kutsogolo. Masiku oyamba mutha kutha mphindi 10 musanafike ngakhale pageti la aneba. Odutsa adzakusekani, asiyeni aseke. Chomwe chimawononga zonse n'chakuti lero mwaima, mawa mwachedwa ndiye mwamulola akoke, mkuja mwatuma mwana amene akuthamanga naye. Pakhomo ponse lamulo likhale limodzi.

Koma tisabise mawu. Agalu ambiri kwathu kuno ndi alonda, amaswera pa tcheni kapena m'kakhola kothina mpaka usiku. Galu wotere mukamutulutsa kumsewu, mukufuna ayende mwaulemu bwanji? Mphamvu za tsiku lonse zili m'thupi. Yambani mwasewera naye pabwalo, athamangitse mpira mpaka apume mwawefuwefu, phunziro libwere pambuyo. Ndipo liyambire mkati mwa mpanda momwe mulibe nkhuku, njinga za kabaza ndi agalu ena. Akamadumphadumpha poona chingwe, chiikeni pansi, mudikire akhale kaye.

Tcheni chothina chija chimafinya kholingo, n'chifukwa chake mumamva galu akutsokomola. Lamba wozungulira pachifuwa ndi wabwino kuposa pamenepo, makamaka wokhala ndi kolowetsa chingwe kutsogolo, chifukwa galu akakoka amatembenukira kwa inu.

China chimene sindigwirizana nacho n'kumuletsa kununkhiza. Galu amadziwa dziko ndi mphuno. Akayenda bwino kamtunda, muloleni akanunkhize paudzu pomwe amafuna paja. Imeneyo ndi mphoto yoposa usipa, ndipo amabwerera kunyumba atafatsa.

Mu Okutobala muziyenda naye mmamawa kapena dzuwa litapendeka. Gwirani phula ndi dzanja. Ngati likukuwotchani, mapazi ake apsanso. Ndipo musanamutulutse pagulu, abayitsidwe katemera wa chiwewe, amene amayamba kuperekedwa galu akakwanitsa miyezi 3. Ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemerayu kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli a bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, kwina konse funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu.